Ndevu za a Amisi

Ku Duduza, ku Joni, Mmalawi wachisilamu akamwalira ankasambitsidwa ndi a Amisi, mkulu wa bungwe la maliro. Anali nkhalamba yotha mapapo kumigodi, yosalankhulalankhula. Wowathirira madzi anali Shafi, munthu wa mtima wa "bwenzi ndili ine", amene ankasirira mpando wa a Amisiwo.

Chaka chomwe anthu a ku Joni anavota onse koyamba, Shafi anaimirira pamsonkhano kuseri kwa mzikiti.

"Wallahi, ndinaona ndi maso angawa," anatero molumbira. "A Amisi amameta tsitsi la maliro n'kukagulitsa kwa asangoma, asing'anga aja a ku Brakpan."

Bodza lamkunkhuniza! Koma masiku amenewo mitembo inkapezeka m'matchire ili yoduladula, ndiye ndani akanatsutsa? A Amisi anawachotsa pampando tsiku lomwelo, Shafi n'kukhalapo. Mkuluyo anangovula chisoti, nati, "Mwanawe, udzandisambitsa ndiwe. Tidzacheza."

Chisanu chitafika a Amisi anatsikira kulichete, ali okhaokha, opanda wowapatsa moni. Shehe analamula kuti Shafi awasambitse basi, Msilamu satayidwa ngati galu.

Unali usana, koma m'kachipinda ka malatako munazizira ngati m'chitsime. Shafi anatuma Gaffar, womuthandiza, kukatenga sanda, nsalu yokulungira maliro, iye n'kutsala ndi mtembo. Anamanga chibwano ndi kansalu. Potembenuka, pakamwa pali yasa! Anamanganso molimba. Pakamwa yasa, ngati munthu wofuna kuyankhapo pa mlandu. Mantha anamugwira zedi. Pomanga kachitatu mfundo inakola ndevu zoyerazo, ndipo kumasula kunakanika. Anatenga lumo n'kudula, kansalu ndi ndevu zomwe.

Chitseko chinatseguka. Gaffar ndi Shehe anaima pakhomo. Shafi uyo, lumo kudzanja lamanja, ndevu za maliro kumanzere.

"A Shafi, kodi ometa aja ndinu?" anafunsa Gaffar chapansipansi.

"Iyayi, akulu, pakamwa pawo panka…"

Onse anayang'ana. Pakamwa pa a Amisi panali potseka bwinobwino.

Pamsonkhano wa Lachisanu Gaffar anaimirira pomwe paja anaima Shafi. "Wallahi, ndinaona ndi maso angawa," anatero, ndipo iye sankanama. Shafi anatuluka wopanda mpando, wopanda womupatsa moni, ndipo mpaka pano sadziwa amene adzamusambitse.

Paja akuluakulu anati choipa chitsata mwini.