Mayi Wosaka Nyenyezi Zokalamba

Kudziko lina lamapiri kunali mayi wina amene ntchito yake inali yofufuza nyenyezi. Musaseke abale, ntchito yotere iliko.

Mayiyu ankasaka nyenyezi zokalamba mu mlalang'amba woyandikana ndi wathu. Nyenyezi ikakalamba imataya mpweya wake n'kuumwaza, ndipo mpweyawo umawala mobiriwira, koma mofooka kwambiri. Pakati pa nyenyezi zong'anima simungaione.

Makina aakulu oonera kumwamba analipo amodzi okha, koma owafuna anali piringupiringu. Mayiyu anadikira mpaka kutopa, ndipo mpata atamupatsa unali umodzi basi. Akalephera, ntchito yake yonse yagwa.

Tsiku litakwana, anatenga kagalasi kakuda n'kukaika pamakinawo. Kagalasiko kanali ngati sefa ya ufa: kankatsekereza kuwala konse, n'kulola kobiriwira kokha kudutsa.

Mnzake wa kuntchito anagwira mutu. "Mayi, mwayi umodzi womwewu mukuuphimba? Chotsani kagalasiko tijambule chinthu chokongola."

Mayi anachita mantha, chifukwa mnzakeyo sankanama. Chithunzi chikanatha kutuluka chopanda kanthu. Koma anayankha kuti, "Zowalazo aliyense anaziona kale. Ine ndabwerera zinazo."

Kutacha anatsegula chithunzicho pakompyuta. Mdima bii. Nyenyezi zonyada zija zonse zinali zitazilala. Kenako anaona kadontho pakona. Kena pambali pake. Kenanso uko, kenanso apa, mpaka chala chinatopa kuloza. Nyenyezi zokalamba zinalimo nthawi yonseyi, zikuwala popanda wozionera.

Mayi uja, munthu wamkulu wamaphunziro ake, anavula nsapato n'kuyamba kuvina mu ofesi, nthungululu zili pakamwa. Mnzake uja nayenso anavina, ngakhale mwamanyazi.

Abale anga, mumpingo muno maso athu amathamangira owala: akwaya, otchena, ndi ife alaliki okakamira maikolofoni. Koma kumabenchi akumbuyo uko kuli agogo amene mawu anawathera, maondo akukana, komabe amatipempherera mmodzimmodzi potchula mayina. Ife sitiwaona. Mulungu amasefa kung'anima kwathu konseku, n'kuwapeza iwowo, ndipo akawapeza kumwamba kumavinidwa.

Agogo inu akumbuyo, sekererani, simunaiwalidwe ayi. Ndipo enanu, tikatuluka lero musathamangire kudzandigwira chanza ine. Kayambireni kumbuyo.