Kochi Wakunja wa Bwana Kachingwe

Timu ya Njerwa Stars itagonja motsatizana, mwini wake, Bwana Kachingwe, anaganiza zoitanitsa kochi wakunja. Koma lamulo limati mlendo sapatsidwa chilolezo cha ntchito ngati alipo Mmalawi woitha ntchitoyo. Choncho anaitana kochi wake, Zuze.

"Mawa ukavomere kwa mayi wopereka zilolezo kuti ntchitoyi yakukanika. Ukakana, usadzapondenso pabwalo langa."

"Ndamva, bwana," anatero Zuze.

M'mawa mwake anapita onse awiri ku ofesi.

"Bambo, ntchito yakukanikani?" anafunsa mayiyo.

"Yandikanikadi, mayi," anayankha Zuze. "Mwayi wake amandigwirira ndi bwanawa. Osewera amasankha okha, ali pamthunzi, pa foni. Goloboyi ndi mphwawo, wogoletsa zigoli ndi mlamu wawo. Akati tulutsa uyo, ine ndimangotulutsa. Katswiri ngati iwowa simungamupeze."

Kachingwe anafufuma ngati finye. "Akunena zoona. Mpira ndimaudziwa kuposa makochi onse."

"Ndiye Mmalawi woitha ntchito alipo, mwadzinenera nokha," anatero mayiyo. "Chilolezo palibe. Timu ikagonjanso, mudzadzichotse ntchito."

Atatembenukira kwa Kachingwe, Zuze anagwira m'manja mwaulemu.

"Loweruka tiyambitse ndani, kochi?"