Mphero ya Nakwenda Pachilumba

Kalekale, Pempho, iwe usanabadwe, inenso ndisanabadwe, kunali mayi wina dzina lake Nakwenda. Khala bwino pampandopo, ungagwe. Eya. Uziti "tili tonse."

Nakwenda ankakhala kumapiri, kutali ndi nyanja. Madzi amene ankawadziwa ndi a mumtsuko basi. Anali ndi mwana mmodzi, dzina lake Sigele, ndipo ankamuopera chilichonse. Sigele akapita kumunda, "Samala njoka." Akapita kunkhuni, "Samala minga." Akangokhala pakhonde, "Samala dzuwa."

Sigele anakula. Tsiku lina kunabwera mnyamata wa kunyanja wogulitsa nsomba zouma, dzina lake Lufeyo. Anabwera. Anabweranso. Anabweranso kachitatu, koma m'dengu mulibe nsomba. Anthu anadziwa. Ankhoswe anakumana, nkhani inapsa.

Nkhoswe ya Lufeyo anali amalume ake, a Mangulenje. Iwo anati, "Mayi, kwathu ukwati timamangira pachilumba. Tchalitchi chathu chili pomwepo."

"Chili ndi khoma?" anafunsa Nakwenda.

"Chilibe."

"Denga?"

"Denga ndi mkuyu. Mipando ndi mabwato akutha, tinawavundikira. Belu ndi khasu."

"Nanga msewu wopita kumeneko?"

"Madzi, mayi."

Nakwenda anati, "Ndiye mukamange. Ine mudzandiuza."

Sigele anagwada. "Amayi, mukapanda kundiona ndikulumbira, ine sindilumbira. Ndikufuna maso anu akhale pa ine."

Nakwenda anasowa mtendere. Kudya, osadyeka. Kulima, osalimika. Anatsikira kukhwawa kukalira, ndipo anapeza mbalame ija Nantchengwa itanyamula chikuni kukamwa.

"Nantchengwa, nyumba yako ndi yaikulu kale. Ukuwonjezeranji?"

"Ndimaopa mvula."

"Nanga mvula ikabwera umatani?"

"Ndimagona. Ndinamanga kale." Mbalame inamuyang'ana. "Iwe ukuopa chiyani?"

"Mphepo ya panyanja."

"Wamanga chiyani?"

"Palibe. Ndikungolira."

"Misozi si denga," inatero Nantchengwa, n'kuuluka ndi chikuni chake.

Nakwenda anabwerera akuganiza. Kumapiri, chimene safuna kuti mphepo itenge amachipsinja ndi mwala. Ndiye anatenga mphero yake, mwala uja woperera mawere. Anadula khonje. Anapota chingwe. Anapota, anapota, mpaka manja anatupa. Anamanga mphero ija ndi chingwe, mfundo pamwamba pa mfundo.

"Ndipita," anamuuza Sigele.

Tsiku linafika. Anthu anasonkhana padoko, Nakwenda atasenza mphero pamutu. Anthu a kunyanja anagwa nako kuseka.

"Mayi," anatero a Mangulenje, "kodi anakuuzani kuti pachilumba miyala inatha?"

"Iyi ndi yopsinjira bwato, mphepo ingalitenge."

"Bwato salipsinja, mayi! Si chivundikiro cha nkhali!"

"Mphero ikatsala, inenso ndatsala."

A Mangulenje anayang'ana Sigele. Sigele anayang'ana pansi. Ndiye anatsitsa anthu awiri m'bwato lawo, n'kukweza mwala.

Anyamata anagwira nkhafi, n'kuyamba kuimba:

Mphero yakwera bwato, ee!
Ikukapera madzi, ee!

Nakwenda anatsinzina. Dzanja lina pamphero, dzanja lina pa Sigele. Anyamata anapalasa, anapalasa, mpaka bwato linakhudza mchenga.

Khasu linali likulira kale mumkuyu: nge! nge! nge! Aliyense anangokokera mphuno ya bwato lake pamchenga, n'kuthamangira nyimbo. Nakwenda anatsalira. Anamanga chingwe kubwato. Anagubuduzira mphero kumtunda. Anakumba ndi manja, n'kuikwirira theka.

"Mayi, tiyeni!" anafuula a Mangulenje. "Nyanja yagona lero."

"Wogona amadzuka," anatero Nakwenda. Anakoka chingwe. Chinali gwa. Anakokanso. Chinali gwa. Apo m'pamene anakutumula manja, n'kukwera kumkuyu.

Anakhala kutsogolo, pabwato lovundikira. Nyanja anaipatsa msana. Maso pa Sigele.

Abusa anatsegula buku. Anthu anaimba. Abusa anati, "Lufeyo, gwira dzanja la Sigele."

Pomwepo masamba a mkuyu anayamba kugwedera. Mphepo inadzuka. Mafunde anakwera pamchenga, ananyambita bwato loyamba, n'kulitenga. Ananyambita lachiwiri, n'kulitenga. Ndipo paja tchalitchi chinalibe khoma. Aliyense anaona ndi maso ake.

"Mabwato! Mabwato akupita!"

Anthu anaimirira. Oimba anasiya nyimbo pakati. Lufeyo anasiya dzanja la Sigele. Abusa anatseka buku.

"Anyamata, vulani malaya, sambirani!" anatero a Mangulenje.

"Kuli ng'ona uko!" analira amayi ena.

"Nanga tibwerera bwanji? Ukwati uyembekeze!"

Sigele anayang'ana amayi ake, misozi ili lengelenge. Koma Nakwenda sanacheuke. Anakhalabe pomwepo, msana kunyanja.

"A Mangulenje," anatero, "tandionerani. Onse apita?"

A Mangulenje anasuzumira. "Latsala limodzi, mayi."

"Lili pati?"

Anakanda m'mutu. "Pamphero."

"Likuyenda?"

"Likungovina, mayi. Silikuyenda."

"Ndiye khalani pansi. Mwana wa munthu asalowe m'madzi. Bwato limodzi litha kukatenga anzake. Abusa, tsegulani bukulo. Ine ndayenda pamadzi kudzaona mwana wanga."

Anthu anayang'anana. Wina anakhala. Wina anakhala. Onse anakhala. Lufeyo anagwiranso dzanja la Sigele. Mphepo ikuwomba, nkhuyu zikugwera pamitu, Lufeyo analumbira. Sigele anayang'ana amayi ake, anapeza maso ali pa iye, nayenso analumbira. Nakwenda anaona zonse, osaphonya n'kamodzi komwe. Nthungululu yoyamba inali yake, ndipo akuti inamveka mpaka kutsidya.

Mphepo itatopa, anyamata anamasula bwato lija. Anapeza mabwato ena atakodwa m'bango. Anawakoka limodzilimodzi mpaka onse anabwerera. Pobwera ankaimba nyimbo yomwe ija, koma mawu atasintha:

Mphero yasunga bwato, ee!
Mphero ya Nakwenda, ee!

A Mangulenje anavula chipewa. "Mayi, mwalawu mubwerera nawo?"

"Mwaiwala? Pachilumba pano miyala sinathe."

"Aa, mayi, musandichititse manyazi pa ana. Tisiyireni."

Nakwenda anaseka, kuseka kwake koyamba tsiku limenelo. "Utsale. Mawere ndizikapera kwa anzanga."

Ndipo kuchokera pamenepo, aliyense wopita kukamanga ukwati pansi pa mkuyu uja amayamba wamanga bwato lake pamphero, kenako n'kupita kunyimbo.

Wamva, Pempho? Mantha amene amangolira amakutsekera m'nyumba. Koma ukawapatsa ntchito, ukawatuma kukapota chingwe, amakusiya ukhale pansi uone zokoma.

Ndiye mawa, popita ku ukwati wa azakhali ako, tikwera bwato. Inde, inenso ndikwera. Uvala jekete yoyandamitsa ija, ngakhale imakuyabwa m'khosi, ndipo ndiimanga ndekha. Ndikakoka lamba kawiri n'kupeza ali gwa, sindikuvutitsanso. Uziona mbalame, ine ndiziona akwati.

Nthano yanga, mwanawe, yathera pomwepo, pamphero. Tsika bwino pampandopo.