Tchire la Feliya

Panali mayi wina m'tauni, dzina lake Feliya, amene bwalo lake linkatamandidwa ndi anthu onse a m'dera lawo. M'mawa uliwonse ankasesa mpaka nthaka kuoneka mizere ya tsache, masamba n'kuwaunjika pakona n'kuwatentha. Udzu ukati usuzumire, unkapeza khasu likuudikira kale. Mitengo imene anaipeza pamalopo anaidula pomanga nyumba, ati imagwetsa zinyalala. M'malo mwake anadzala maluwa ogula, aja osanunkhira, amene ngakhale njuchi imangowalambalala. Amayi anzake akafuna kudzudzula ana awo aakazi ankawauza kuti apite akaone kwa Feliya. Iye ankamva, ndipo tisanamizane, zinkamukoma.

Ndiye bambo ake kumudzi anachita khungu. Mayi ake anali atamwalira kale, ndipo tsiku lina mkuluyo, pofufuza ndodo yake, anaponda pamoto n'kupsa phazi. Feliya anakawatenga. Anawapatsa chipinda chabwino, bulangete latsopano, wailesi, ndi tiyi wamkaka m'mawa uliwonse. Koma mkulu uja ankangokhala duu pakhonde, n'kumaonda ngati munthu womanidwa chakudya. Patapita mwezi anaitana mwana wakeyo n'kumuuza kuti phazi likapola, anthu akakolola, iwo abwerera kwawo.

Feliya anachita mantha. Kumudziko kunalibe wowasamala, ndipo moto umene unawaotcha phazi ukanawapezanso. Anagwada n'kufunsa chimene anawalakwira.

"Palibe chimene walakwa, mwana wanga," anatero mkuluyo. "Koma ine tsopano ndimaona ndi makutu. Kwathu pumbwa ankandiuza kuti kwacha, njiwa kuti dzuwa lapendeka, nyenje kuti mvula yayandikira. Pano sindimva kanthu koma tsache lako. Ndachita khungu kawiri."

Mawu amenewo anamulasa mumtima. Mawa lake anathira madeya m'mbale n'kuika pakati pa bwalo kuti aitane mbalame. Kunabwera akhwangwala awiri ndi nkhuku za anthu oyandikana nawo. Bambo ake anaseka, kuseka koyamba chibwerereni m'tauni, n'kumuuza kuti mbalame sibwerera mbale. Imabwera pamene pali pobisala, pali tizilombo todya, pali mtengo umene ikuudziwa.

Mvula itatsala pang'ono kugwa, Feliya anakwera minibasi kupita kumudzi. Anabwerako ndi matumba awiri a dothi lakuda la m'nkhalango, mbande za mpoza ndi nthudza m'zigubu zodula, ndi nthambi zikuluzikulu za kachere ndi muwale, mitengo ija imene imaphuka ukangoizika. M'minibasimo anthu anamuseka njira yonse. Anati anzake pochoka kumudzi amanyamula ufa ndi nkhuku, koma uyu wanyamula dothi ngati m'tauni latha. Feliya anaseka nawo, chifukwa mtima wake unali utafika kale pakhomo, ukukumba mayenje.

Anazula maluwa ogula aja, n'kumwaza dothilo, n'kuzika mitengo yake, kachere kutali ndi nyumba. Pamthunzi anaika phale la madzi. Kusesa ankangosesa kanjira kochoka pakhonde kukafika pageti, kuti bambo ake aziyenda osapunthwa. Masamba ogwa ankawasiya aolere pomwepo. Masiku oyamba manja ankamuyabwa kwambiri kufuna tsache.

Mvula inagwa, ndiye kumera kwake! Dothi lija linali ndi mbewu zimene iye sanazione ponyamula. Kunatuluka denje, luni, bonongwe, tsekera, ndi timaluwa tofiirira timene anationa komaliza ali kamtsikana kotunga madzi kudambo. Feliya, mayi wamkulu wa ulemu wake, anayamba kuthamanga pabwalo ngati mwana. Ankathyola tsamba n'kuthamangira nalo pakhonde. Bambo ake ankalifikisa ndi zala, kulinunkhiza, n'kutchula dzina lake ndi matenda amene limachiza. Kenaka kunabwera agulugufe, ziwala, abuluzi, ndi nanzikambe mmodzi woyenda mwaulemu ngati wabwera kudzayendera ntchito. Mbozi zitayamba kudya masamba a mpoza, Feliya anafuna kukagula mankhwala opopera, koma mkulu uja anamuletsa, nati imeneyo ndiyo ndiwo ya alendo amene akuwaitanawo. Walira mvula walira matope. M'mawa wina pumbwa anatera pakachere n'kuimba, ndipo mkuluyo anamaliza phala lonse m'mbale.

Koma anthu ali ndi maso, ndipo pakamwa sasiya kunyumba. Mbiri inamveka kuti Feliya wafooka ndi matenda a bambo ake, moti bwalo lija lasanduka tchire. Inu mukudziwa mwambo wa amayi akumpingo. Pakhomo pamene pali wodwala amapitapo ndi makasu ndi matsache kukathandiza, ndipo ndi mwambo wabwino. Tsiku lina Feliya ali kumsika, anafika amayi khumi, motsogozedwa ndi wapampando wawo, Mayi Chikuse. Anapemphera ndi mkulu uja, n'kumanga zitenje m'chiuno. Mkuluyo anayesa kuwaletsa, koma iwo anati ndi manyazi chabe a munthu wosafuna kuvutitsa anzake. Anayambitsa nyimbo, makasu n'kuyamba kugwa.

Feliya anamva nyimboyo ali pamsewu, ndipo atalowa pageti anapeza mbali imodzi italambulidwa kale mbee, luni ndi denje zili lambalamba padzuwa. Khasu la Mayi Chikuse linali m'mwamba, pamutu pa kamtengo ka nthudza.

Kukana thandizo la mpingo si chinthu chapafupi. Anthu amakutcha wodzikuza, ndipo dzina limenelo silichoka ndi sopo. Feliya ankadziwa zimenezo. Anatula dengu lake, n'kulowa m'udzumo, n'kugwada pakati pa khasu ndi kamtengo. Nyimbo inaduka.

"Amayi, thandizo lanu ndalilandira ndi manja awiri," anatero. "Koma tchire ili si ulesi, ndalidzala dala. Bambo anga akuonera momwemu. Mukalilima, mwawachotsanso maso."

Mayi Chikuse anafunsa za njoka. Feliya anayankha kuti pakhomo ndi m'kanjira akusesa, ndipo njoka nayo siikonda pamene pakuyenda anthu. Mayiyo anayang'ana mkulu uja pakhonde, anayang'ananso mayi wogwada m'udzu, n'kutsitsa khasu pang'onopang'ono. Anatsanzika mwaulemu, koma ena anatuluka akung'ung'udza. Kuyambira tsiku limenelo palibe amene anatumanso mwana wake kukaona bwalo la Feliya. Zinamuwawa ndithu, koma mawa lake anakathirira pamene panalimidwa paja kuti paphukenso.

Mvula inatha, udzu unabereka njere, ndipo bwalo linadzaza phokoso. Mpheta zinkatera m'magulu, njiwa zinkamwa m'phale, pumbwa anabwera ndi abale ake onse. Mkulu uja ananenepa, phazi linapola, ndipo ankatha kunena nthawi osafunsa munthu. Feliya anayamba kukhulupirira kuti za ulendo zaiwalika.

Koma mkuluyo anali wa anthu aja amene akanena anena. Anthu atakolola, anauza mwana wake kuti amange chikwama. Anayamika zonse, koma anati mwamuna sabweza mawu ake ngati mwana. Feliya anachonderera, analira, koma sizinathandize. M'mawa wa ulendo anasenza chikwama pamutu, anagwira bambo ake dzanja, n'kuyamba kuyenda nawo m'kanjira kaja kulowera kugeti.

Atafika pakati, mkuluyo anaima. Anapendeketsa mutu, n'kuloza ndi ndodo m'tsekera wowirira pafupi ndi nthudza ija. Anauza mwana wake kuti asuzumire m'munsimo, koma mosamala. Feliya anatula chikwama, n'kupatula udzu ndi zala ziwiri. Munali chisa cha timba, chochepa ngati chikhatho cha mwana, ndipo m'katimo tiana titatu tinali titayasamula kukamwa. Anawauza bambo ake monong'ona. Iwo anafunsa ngati tamera nthenga, iye nati ayi, tikadali psuu.

Mkulu uja anamvetsera kulira kwa tianato kumene mwana wake wamaso anakudutsa masiku onsewa osakumva.

"Bweza chikwamacho," anatero. "Munthu woleredwa bwino satsanzika eni khomo ali m'chikuta. Ndidzapita tianati tikauluka."

Feliya anaimba nthungululu mpaka mpheta zonse kubalalika, ndipo bambo ake anamukalipira kuti akudzidzimutsa makanda. Tiana tija tinaulukadi. Koma pamene tinkauluka n'kuti njiwa itaikira mazira pakachere, ndipo mkuluyo anati sangachoke asanamve kuti aswa. Njiwa zitauluka, muwale unachita maluwa ofiira, mbalame ya choso n'kuyamba kumanga chisa chake cholendewera. Pabwalo limene lili ndi moyo chikuta sichitha, ndipo mkulu uja sanakwerenso minibasi.

Tsono inu amene mukundimva, musati ndakuuzani kuti ukhondo ndi tchimo. Sesani pamene mwana akukwawa ndi pamene wodwala akuponda. Koma siyaniko mbali imodzi ya bwalo lanu, mudzalepo mtengo wakwanu, masamba aolerepo, zolengedwa za Mulungu zipeze pofikira. Ndipo kumbukirani kuti amayi aja anabwera ndi chikondi chenicheni, koma anatukula khasu asanafunse. Mwina pakhomo panu pali wina amene mukumupatsa zonse zimene inu mumaziyesa zabwino, koma wangokhala chete, ulendo atauyamba kale mumtima. Musadikire kuti afike pageti. Mukamufunse lero chimene akusowa, ndipo akakuyankhani mukamvetsere.