Lupsa la Kanyumbu

Kale, makolo athu a fuko la Mbewe asanamwe madzi a mtsinje uno, anali anthu othawa chilala cha kumadzulo, ndipo wowatsogolera anali Kanyumbu, mwana wa Msekaimfa ndiponso mlongo wake wa Nambewe amene tonsefe tinatuluka m'mimba mwake. Anafika kuno mvula ili pafupi, mbewu zili m'zipanda, koma analibe pobzala.

Mwini dziko anali mayi Nangondo. Kanyumbu anagwada nawomba m'manja, nati, "Amayi, ana a mlongo wanga akutha ndi njala. Tipatseniko polima."

Iwo anati, "Tenthani tchire kamodzi kokha, ndipo ponse pamene papse ndi panu. Koma moto ukalowa mu msitu uwo, mmene agona amayi anga, muchoka nonse, mbewu zanu musiya pompano."

Moto unayenda bwino, akazi nayamba kululutira poona dambo lonse likuda. Kenaka mphepo inatembenuka, malawi nalunjika kumsitu wa manda. Amuna anazima ndi nthambi mpaka kutentha kunawathamangitsa, koma Kanyumbu sanathawe. Anagona chopingasa m'mphepete mwa msitu, ndipo moto utafika pa iye unazima mbali zonse ngati wothiridwa madzi. Msitu unapulumuka, koma iye sanadzukenso.

Nangondo anamufunditsa nsalu yawo, nati, "Munthuyu wafera akufa anga. Agone nawo."

Dziko lopsalo linatchedwa lupsa, monga timatchulira tchire lopsa, ndipo kuyambira pamenepo kwathu kuno dziko lililonse la mfumu linkatchedwa lupsa, mfumuyo nikhala mwini lupsa. Zimandiwawa kuti ana a lero mawuwa amangowadziwa pokakumba mbewa. Anansi athu nawonso amatiseka, amati lupsa lathu ndi laling'ono, tambala akalira uku amadzutsa a malire onse. Tiwalole aseke, pakuti ife tikudziwa chimene chinaimitsa moto.

Msituwo ulipo mpaka lero, ndipo m'mphepete mwake muli kamzere ka dothi loyera pamene udzu sumera. Chaka chilichonse potentha tchire, mwini lupsa sagwira muuni. Anzake akamayatsa, iye amavula nsapato nakaima pakamzerepo, msitu uli kumbuyo kwake, kufikira moto utadutsa.