Nyimbo Imene Inatulutsa Nangozo M'nkhalango

Kalekale, makaseti akadagulitsidwa m'misika, m'mphepete mwa nkhalango ya Dzalanyama munkakhala a Gwaza, mkulu wokonda nyimbo kuposa nyama. Zoimbira zawo zinali zapaderapadera: masipika awiri amatabwa, ampu yowapatsa mphamvu, ndi wailesi ya kaseti. Masipika obwera ndi ampu m'mimba mwake ankawanyoza poyera. "Amenewo akapsa m'kati mumataya onse," ankatero. "Zangazi chikafa chimodzi ndimasintha chomwecho, ndipo mawu ndimawakonza mmene khutu langa likufunira."

Atakalamba anagawira ana awo atatu zoimbirazo. Malizani anatenga masipika, Sautso ampu, ndipo mlongo wawo Ndaziona anatsala ndi wailesi ndi makaseti. Kuyambira pamenepo pakhomo panangoti zii.

Tsono akazi a Gwaza, a Nangozo, anali atayamba kuiwalaiwala. M'mawa wina wa chifunga anapita kukatola nkhuni, osabwerako. Anthu anaitana mpaka kusasa mawu. Mnansi wina anabweretsa sipika yake yatsopano ya ampu m'mimba, inalira pang'ono, kenaka kautsi fuu, basi yonse yatha. A Gwaza anachita mantha kwambiri, poti kunja kunkazizira ndipo mayiwo anachoka opanda juzi.

Malizani anafika thukuta lili kamukamu, masipika ali pa njinga. Anali atawasunga bwino, chiswe osawalawa. Anakwera nawo mumtengo wautali wa muwanga, nthambi ikuthetheka, nawamanga kuloza kunkhalango. "Akadakhala ndi ampu m'kati sindikadawakweza kuno, akadalemera," anatero ali m'mwamba.

Sautso ampu ija inamufera kalekale, koma sanaitaye. Ankasintha kachitsulo ndi kachitsulo mpaka inadzuka. Tsikulo anasenza ampuyo ndi batire ya galimoto, nalumikiza mawaya kuchokera pansi kukafika mumtengo.

Ndaziona atabweretsa wailesi ndi makaseti, abale awiriwo anaika nyimbo za gule, nkhalango yonse inagwedezeka, koma palibe anatulukira. Ndaziona anawakankha. "Achimwene, amayi sangabwere ndi phokoso lanuli." Anaika kaseti yakale ya kwaya imene mayi awo ankaimbamo ali mtsikana. Tepi yake inali itaduka, iye anailumikiza ndi utoto wa m'zikhadabo.

Dzuwa likupendeka, a Nangozo anatulukira pakati pa mitengo, kamtolo ka nkhuni kali pamutu, akuimba nawo mawu aang'ono.

"Bambo a Malizani, bwanji mwayamba kwaya osandidikira?"

A Gwaza analira ngati mwana, anthu akuona, ndipo sanachite manyazi. Anawafunditsa akazi awo jekete, nakhala nawo pakhonde nyimbo ikulirabe, mtima uli mbee.

Kutacha anaitana ana aja. "Ndinalakwitsa kugawa zinthuzi. Zikhale pamodzi kwa mmodzi wa inu, ndipo ife ndi amayi anu tikakhala komweko, kuti akasocheranso adzamve kwawo."

Aliyense ankawafuna makolowo.

"Popanda masipika anga akanamva chiyani?" anatero Malizani.

"Matabwa okha salira, achimwene," anayankha Sautso.

"Munawaliza inu awiri," anatero Ndaziona, "amayi anabwera?"

A Gwaza anayang'ana akazi awo kuti awathandize, koma iwo anali kungomwetulira, akufunsa ngati kwaya iliponso lero. Mkuluyo anakanda mutu mpaka tiyi anazizira.

Nanga inu amene mwamva nkhaniyi, zoimbira ndi makolo zipite kwa yani: wokwera mumtengo, wodzutsa ampu, kapena wodziwa nyimbo ya amayi ake?