Bampala ya Benzi pa Msewu wa Kachulu

Pa doko la Kachulu panali galimoto imodzi yomwe ngakhale agalu ankaidziwa kaliridwe kake: bokosibode yonyamula katundu ya a Gerishomo Namakhwa. Inali yotuwa ngati mwana wothawa madzi, ndipo ntchito yake inali kututa madengu a matemba ndi milamba youma kupita nayo kumsika wa ku Zomba. A Gerishomo anaigula ndi thukuta la zaka zisanu ndi zinayi za pansi pa nthaka ku Joni. Anzawo a pa Wenela anabwerako ndi mawailesi ndi njinga. Iwo anabwerako ndi galimotoyi, jekete limodzi labwino, ndi chifuwa chosamva mankhwala. Kumigodi sakanabwererako. Banja lonse linkadya kuchokera pa matayala anayi amenewo.

Kumbuyo kwa galimotoyi kunalibe bampala yeniyeni. Mwini wake woyamba anawotchererako chidutswa cha njanji, chakuda, cholemera, chadzimbiri. M'maso sichinkakoma, koma ntchito chinkagwira ngati mkamwini watsopano. Amayi a geni ankapondapo pokwera. Zingwe za madengu ankamangirira pomwepo. Dzinja likafika, msewu wa makande n'kusanduka phala, amuna ankakankha atagwira pomwepo, ndipo zikavuta thirakitala ya kusikimu ya mpunga inkakola tcheni pomwepo n'kuizula galimoto ngati chinangwa. Anthu anachipatsa dzina loti Mlamu, poti aliyense ankachitsamira osapepesa.

Amene sankaseka nawo dzinali anali a Gerishomo okha. Chaka chimenecho anali atawasankha kukhala wachiwiri kwa wapampando wa nthambi ya chipani, udindo womwe ntchito yake yaikulu inali kunyamula mabenchi a pamsonkhano. Komabe udindo ndi udindo, ndipo iwo anayamba kuona kuti munthu waudindo sangamayende atakoka njanji kumatako.

Tsiku lina anapita kukakonzetsa masipuling'i kwa Makisoni, makaniko wa pa Songani. Kuseri kwa galaja kunagona Benzi yomwe inakangana ndi mtengo wa bulugama n'kugonja. Kutsogolo kwake kunali nyenyeswa zokhazokha, koma bampala ya kumbuyo inali yamoyo, ikung'anima ngati chambo chongovuulidwa kumene. A Gerishomo anawerama, nadziona nkhope m'menemo. Inali yotambalala, ya munthu wodya bwino.

"Achimwene, ichi mundiikire," anatero.

"Ndiike pati, bwana?"

"Pali Mlamupo."

Makisoni anavula chipewa n'kukanda m'mutu ndi sipanala. "Ichitu n'chachikulu kuposa matako a galimoto yanu. Kuti chikwane ndiyenera kudula nsonga za zitsulo ziwiri zomwe zagwira njanjizo, kenaka ndichipachike pa timabawuti tinayi. Chidzalendewera pansi. N'cha pamsewu wa tala ichi, a Namakhwa. Kwanu ku Kachulu kuli tala?"

"Ibwera. Boma lili pa chitukuko."

Masiku amenewo mawu otere sankayankhidwa. Makisoni anavala chipewa chake n'kuyatsa moto wowotcherera.

Njanji ija sanaitaye. Lamulungu lotsatira a Gerishomo anaimirira m'tchalitchi, nakonza pakhosi, nalengeza kuti iwo ndi banja lawo apereka belu ku mpingo, pakuti n'zochititsa manyazi kuti akhristu aziitanidwa ndi khasu lakutha. Anthu anaomba m'manja. Mlamu anapachikidwa mumtengo wa mango.

Akazi awo, a Elenala, sanaombe nawo. Atafika kunyumba anaizungulira galimoto kawiri, manja ali kumbuyo.

"Bambo a Rozi, nanga ife tizikwerera pati?"

"Patayala."

"Nanga mvula ikayamba azikoka pati?"

"Inu mayi a Rozi, mutu wanu umangoganiza za matope."

"Ndimo ndimakhala," anatero a Elenala, n'kupita kukatembenuza matemba pathandala.

Kunena zoona, bampalayo inabweretsa ulemu, koma ulemu wake unali wochedwa. Galimoto ikamabwera, anthu ankati, "Gerishomo uyo." Ikadutsa, alendo a m'tauni ankaona kung'anima kuja n'kugwira zipewa, kuopa kuti mwina wadutsayo ndi munthu wofunika kumuopa. Tsoka lake, woyendetsa galimoto amayang'ana kutsogolo, choncho a Gerishomo ulemuwo sankauona. Anayamba kuimika galimoto chafutambuyo pamsika, matako kuloza kwa anthu. M'mawa uliwonse ankaipukuta ndi phulusa losefa, akutsokomola. Mayi wina wonenepa atayesa kupondapo anadzudzulidwa ngati waponda Baibulo, ndipo sabata yotsatira iye ndi anzake atatu anakwera lole ya munthu wina.

Tsiku la tsoka linafika mu Febuluwale. Kunyanja kunali dzuwa, koma phiri la Zomba linali litafunda mtambo wakuda bii. Aliyense wobadwira kuno kwa Mwambo amadziwa kuti madzi oopsa si amene akugwa pamutu pako, koma amene agwa kuphiri. A Gerishomo ananyamuka m'mawa, madengu ali tho. Pa kamtsinje kena kopanda mlatho, kamene anaolokapo kosawerengeka, madzi anali a m'kakolo. Mphuno ya galimoto inatsika bwinobwino, koma kumbuyo kunamveka khwee! Bampala yolendewera ija inakhala pagombe ngati nkhuku yofungatira mazira. Matayala anazungulira, nakumba, namira.

Amuna amene ankapalira mpunga pafupi anabwera osaitanidwa, monga mwa masiku onse, akupinda mabuluku.

"Manja kutali ndi bampala!" anakuwa a Gerishomo. "Kankhani m'mbali!"

Anakankha m'mbali. Galimoto inagwedezeka ngati munthu wokana kudzuka, n'kukhazikika. Mkulu wina wa imvi anasuzumira pansi nati, "A Namakhwa, chakugwirani n'chonyezimirachi. Timabawuti tinayi basi. Tulutsani sipanala timasule, galimoto ituluka yokha."

A Gerishomo anayang'ana gombe. Panali patadzaza anthu, ena a iwo omwe anaomba m'manja kutchalitchi. Kumasula bampala pamaso pa onsewo kunali ngati kuvula buluku pamsonkhano.

"Kaitaneni thirakitala," anatero.

"Madzi akubweratu awa."

"Ndati thirakitala."

Wanjinga anapita. Pamene Pitala, woyendetsa thirakitala, ankafika kuchokera mbali ya ku Kachulu, dzuwa linali litapendeka, ndipo madzi anali a m'chiuno, ofiira, atasenza mapesi ndi nthambi. Za sipanala panalibenso wonena. Matayala anali atakwiririka. Pitala analowa m'madzi ndi tcheni paphewa, napapasa pansi, namira mutu, navuuka akulavula.

"Pansi palibe pogwira, zonse zili m'thope. Mlamu ali kuti?"

"Ali kutchalitchi," wina anayankha pagombe. Amene anaseka ndi anthu awiri okha.

"Ndiye ndikola pa chonyezimira chanuchi, bambo. Koma ine sindinalonjeze kanthu."

A Gerishomo anavula jekete lawo la ku Joni, nalikulunga pa bampala kuti tcheni isakande, ndipo anaima m'madzimo ataligwirizira ndi manja awiri. Thirakitala inabangula. Tcheni inawongoka, inanjenjemera. Kwa kamphindi galimoto inaoneka ngati ikuganiza zobwerera. Kenaka thyo! Timabawuti tinayi tija tinaduka ngati mano a nkhalamba. Bampala inawamenya pachifuwa, iwo n'kugwa chagada m'thope, miyendo m'mwamba. Thirakitala inakwera mtunda ikukoka chitsulo chong'anima chokhachokha, jekete likupepeluka pambuyo.

Chomwe chinaigwira galimoto pagombe chinali chitachoka tsopano. Inaseseleka pang'onopang'ono kulowa pakati pa mtsinje, yopanda woyendetsa. Madzi analowa pawindo. Madengu anayandama limodzi limodzi, ndipo matemba anauyamba ulendo wobwerera kunyanja ya Chilwa kumene anachokera. Anthu anawatola a Gerishomo, nawakhazika paudzu, akutsokomola madzi ofiira. Palibe anawanyoza. Zikanakhala bwino akanawanyoza.

Madzi ataphwa, patapita masiku atatu, galimoto inapezeka itagona cham'mbali m'mabango, injini itadzaza mchenga. Makisoni anabwera panjinga kuchokera ku Songani, nasuzumira, nagwedeza apa ndi apo, kenaka anavula chipewa monga amachitira anthu pa siwa. Za tala sanakumbutse.

Kuyambira pamenepo a Elenala ndi amene ankadzuka m'mamawa, dengu pamutu, kukadikira lole ya eni ake, ndipo ankakwera ataponda pa chitsulo chakuda chosakoma m'maso. A Gerishomo nthiti ziwiri sizinalunzane bwino, chifuwa chinakula, ndipo mabenchi a chipani anayamba kunyamula ena. Bampala ija anthu achifundo anaibweretsa kunyumba, poti inali katundu wawo. A Elenala anaigoneka chagada kuseri kwa khitchini, n'kuthiramo madzi. Abakha amamweramo mpaka lero, ndipo ziyenera kunenedwa kuti siidontha.

Lamulungu lililonse m'mawa mkulu wa mpingo amatenga nyundo n'kumenya Mlamu mumtengo wa mango. Kulira kwake n'kwamphamvu, kopanda mng'alu, kumafika mpaka kwa asodzi pamabwato. A Gerishomo amakumva ali pakhonde, bulangeti kumapewa. Akazi awo akati, "Bambo a Rozi, belu lanu lija likuitana," iwo amayang'ana abakha.

Akuluakulu anaona kale zotere pamene ankati: chakomachakoma, pusi anagwa chagada.